Kalata yotseguka: "pepani" wa Mmalawi akumveka ngati kuvomera mlandu m'makhoti a ku Joni

Kwa Olemekezeka a Kazembe a dziko la Malawi ku Pretoria, mabwana a ku ofesi yathu ya ku Johannesburg, ndi inu abusa, mashehe ndi atsogoleri a magulu a Amalawi kuno ku Joni,

Ndiyambe ndi kupepesa, poti kwathu mwana satsegula pakamwa pabwalo akulu asanamupatse mpata. Koma mukafika pakati pa kalatayi muona kuti kupepesa komweku ndiko kwandigwiritsa cholembera.

Ine ndine mayi wa ku Ntcheu. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale, kuno ndimasoka makatani m'shopu ina ku Fordsburg, ndipo ndimagona ku Rosettenville. M'gulu lathu la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lake likafike kwawo, mlembi ndine. Ulembi umenewu, kuphatikiza Chingerezi changa cha m'kalasi, ndi umene umaliza foni yanga usiku. Uyu wamangidwa, uyu wachotsedwa ntchito, uyu wamenyedwa ndi mwamuna wake. Sindine loya. Ndimangoperekeza, n'kukhala pabenchi yakumbuyo, maso ali tcheru. Zimene ndaona pabenchi imeneyo ndi zimene ndabwera kudzakutulirani.

Chaka chatha ndinatsatira mlandu wa mnyamata wina wa ku Mangochi, wazaka za m'ma 20, amene ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina kumpoto kwa mzindawu. Tsiku lina m'galaja munasowa makina obowolera khoma. Bwana wake atamufunsa mokalipa, mnyamatayo anagwetsa nkhope n'kunena kuti "sorry, boss". Apolisi atafika anabwerezanso mawu omwewo, kawiri katatu. Inu ndi ine tikudziwa chimene chinali pamtima pake. Ankanena pepani. Pepani amene timauza namfedwa, pepani amene timauza munthu amene wapunthwa pamwala ife tili poteropo, pepani amene timauza wamkulu akapsa mtima kuti mtimawo utsike, kaya talakwa kaya sitinalakwe. Koma papepala la apolisi panalembedwa kuti woganiziridwayo anapepesa, ndipo aliyense amene analiwerenga anamva kuti wavomera.

Belo anamukaniza, chifukwa ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa bwana yemweyo, ndiye ntchito itatha adiresi inatheranso pomwepo. Mlandu unaimitsidwa katatu poti womasulira kunalibe. Ulendo wachinayi kunabwera bambo wina wa dziko loyandikana nafe, wa Chinyanja cha m'tauni, pamene mnyamatayo chiyankhulo chimene anayamwira ndi Chiyao, Chichewa anachitolera kusukulu ndi pamsika. Bamboyo anayesetsa, sindingamunamizire, koma awiriwo ankangokumana theka.

Chimene sindidzaiwala ndi thupi la mwanayo m'bokosi muja moimamo woimbidwa mlandu. Woweruza atamulankhula, mawondo ake anayamba kupinda okha kuti anjute, monga amachitira mwana woleredwa bwino pamaso pa mfumu. Wapolisi wa m'khoti anamukodola kuti aime chilili. Anaima, koma maso anali pa nsapato. Anamufunsa ngati wamvetsa mlandu umene akumuimba, iye anati "ndamva", ndipo kunalembedwa kuti wamvetsa. Koma "ndamva" wa kwathu nthawi zambiri amangotanthauza kuti mawu anu alowa m'khutu, bwana, ndipo sindikutsutsani. Woimira boma pamlandu anamuuza kuti amuyang'ane pomuyankha. Anadzutsa nkhope pang'ono, n'kumwetulira. Kamwetulidwe kaja mukukadziwa, ka munthu amene manyazi amufika m'khosi ndipo akusowa poika nkhope. Woweruza anafunsa, mawu atasintha, ngati pali choseketsa. Ine pabenchi ndinamva thukuta likutsika kumsana. Ndinafuna kuimirira ndinene kuti amayi oweruza, mwanayu sakuseka, akulira, kungoti kwathu mwamuna amalira chonchi. Koma pabenchi yakumbuyo salankhulirapo.

Mlanduwo unathetsedwa patatha pafupifupi miyezi inayi, wodandaula atasiya kubwera kukhoti. Palibe anati ndi wolakwa, palibenso anati ndi wosalakwa. Anatuluka wopanda ntchito, wopanda pogona, n'kugona pabalaza panga milungu iwiri. Usiku wina tikudya ndinamufunsa kuti bwanji sunangonena mokweza kuti sindinabe. Anandiyang'ana modabwa, n'kuti, "Mayi, akuluakulu aja ndikanawayankha bwanji ngati anzanga?"

Woweruza uja sindikumuda. Anawerenga nkhope monga anaphunzitsidwira kuwerenga. Ndipotu eni dziko ambiri ulemu woterewu amaudziwa, Azulu ndi Axhosa ali ndi wawo umene amati hlonipha, ndipo nawonso mwana satong'olera maso wamkulu. Koma khoti linabwera ndi makhalidwe ake kuchokera ku malamulo a Adatchi ndi Angerezi, kumene munthu woona mtima amaima njo, kukuyang'ana m'maso, n'kukana mwamphamvu. Wobisa maso kumeneko ndiye kuti akubisa kanthu.

Olemekezeka, mtima umaphunzitsidwa ngati mmene limaphunzitsidwira lilime. Ife anatiphunzitsa kuti mwamuna salira, kuti mwana woyankha akulu ndi wamwano, kuti mkwiyo umamezedwa. Pokwera basi yobwera kuno, malangizo omaliza a amayi amakhala amodzimodzi: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo tisanamizire mudzi wokha. Zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, tinkaimba ngodya zinayi za Kamuzu, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo amene ankafunsa mafunso ankadziwika kumene ankathera. Agogo athu a Wenela ndi Theba anatsika m'migodi ya kuno ndi kumvera komweko, n'kutisiyira mbiri imene tikudyera mpaka lero. Onani zotsatsa ntchito pa Facebook: aliyense wofuna ganyu amayamba ndi kunena kuti ndi Mmalawi, podziwa kuti dzinalo limamveka ngati munthu wofatsa, wosaba, wosayankha. Mbiriyi yatidyetsa, sindikana. Koma ndi yomweyonso imene imachititsa bwana kuganiza kuti akhoza kukuchotsa ntchito Lachisanu madzulo popanda kalata, iwe n'kungoti zikomo.

Kufatsaku sikuli m'magazi. Amalawi omwewa anadzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mu 2019, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti. Kwathu tinaphunzira kukwiya pamaso pa lamulo. Tikangodutsa pa Beitbridge timabwereranso kukhala ana.

Pali malo amodzi pamene kusiyana kwa mitima kumeneku kumasanduka zaka za kundende, ndipo ndi pa nkhani ya kulapa. Khoti la kuno likamaganizira chilango limayang'ana ngati wolakwa walapadi. Mu 2010, pa mlandu wa Matyityi, khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linanena kuti kudandaula poti wagwidwa n'kosiyana kutalitali ndi kulapa kochokera pansi pa mtima, ndipo kuti wolakwayo ayenera kutsegulira khoti mtima wake, afotokoze chimene chinamuchititsa ndi chimene chamusintha. Nzeru yake ndi yomveka. Koma taganizani mmene kulapa kumaonekera pabwalo la kwathu. Wolakwa amakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo, osanena kanthu. Olankhula ndi amalume ake. Iwo ndiwo amati mwana wathuyu watichimwira, tagwira mwendo wanu. Kenako pamabwera nkhuku kapena mbuzi, anthu n'kugwirana chanza, nthawi zina n'kudyera limodzi. Wolakwa amene angaimirire n'kuyamba kufotokoza za mumtima mwake ndi mawu ambirimbiri, anthu amanong'onezana kuti ameneyu sanamve, akadali ndi matama. Ndiye kuno Mmalawi amene wasweka mtima zenizeni amaoneka ngati mwala, pamene tambwali wodziwa kugwetsa misozi pa nthawi yake amapepukidwa. Amalume amene akanamulankhulira ali ku Machinga, ndipo ngakhale akanakhala pano, loya akapanda kudziwa kufunika kwawo sangawaitane.

Musaganize kuti ndikupempha chinthu chachilendo kwa eni dziko. Dziko lino limadziwa kuposa ambiri kuti chilungamo chimadutsa mumtima. Loweruka lina ndinakwera ku Constitution Hill ku Braamfontein, kumene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linamangidwa pamalo a ndende yakale ya Old Fort, pafupi ndi zipinda za Number Four zimene ankatsekeramo akaidi achikuda. Chizindikiro cha khotilo ndi mtengo, anthu atasonkhana pansi pake. Nditachiona ndinaseka ndekha, chifukwa ndinaona kachere wa kwa agogo anga, pamene nyakwawa inkaweruzira milandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni. Khoti limeneli ndi limene mu 1995, pa mlandu wa Makwanyane, linathetsa chilango cha imfa, ndipo oweruza angapo anatsamira pa ubuntu, umene ife timati umunthu. Mu 2006, pa mlandu wa Dikoko wokhudza kuipitsirana mbiri, oweruza awiri, a Yvonne Mokgoro ndi a Albie Sachs, analemba kuti lamulo lisamangowerenga ndalama za chipukutamisozi, lizipatsanso malo kupepesa ndi kuyanjanitsa anthu. Agogo anga akanamva zimenezo akanati nanga ife timatani masiku onsewa.

Ndipo ndani angaiwale April 1996 ku East London, pamene bungwe la choonadi ndi kuyanjanitsa la a Desmond Tutu linayamba kumva maumboni a nkhanza za nthawi ya tsankho? Mayi Nomonde Calata, amene amuna awo a Fort Calata anaphedwa mu 1985 pamodzi ndi anzawo atatu a ku Cradock, anafika pena n'kulephera mawu, n'kulira mokuwa. Zokambirana zinaima kaye. Palibe anawauza kuti akhale chete poti akusokoneza. Dziko lonse linamva kulirako ngati umboni. Ngati dziko lino linatha kumva kulira kwa mayi uja, lingathenso kuphunzira kumva chete wa mnyamata wa ku Mangochi, pakakhala womufotokozera. Malamulo ake alipo kale. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1996 limati woimbidwa mlandu aweruzidwe m'chiyankhulo chimene amamva, kapena amumasulire. Limatinso womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 10, lonena za ulemerero wa munthu, limayamba ndi mawu akuti aliyense, silinati nzika zokha. Chitseko chimene ndikuti mugogodechi n'chosakhoma.

Pano ndiime kaye, kuopa kuti wina angandimve ngati ndikuti mwambo ulowe m'malo mwa lamulo. Ayi ndithu. Ife Amalawi tinaona zimene zimachitika boma likavala chikopa cha mwambo. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti lotchedwa la makolo, kumene loya sankaloledwa, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mwambo ukagwidwa ndi wamphamvu umasanduka chibonga. Ndiye mawu otsatirawa ndi anu, abusa anga, mashehe anga, ndi inu apampando a magulu athu, ndipo ndapota nanu, mundimve ngati mwana wanu.

Mayi wina wa m'gulu lathu anabwera kwanga m'mawa wina diso litatupa, mlomo utang'ambika. Sikanali koyamba. Ndinamuperekeza kukatenga chikalata cha khoti choletsa mwamunayo kumuyandikira, chimene lamulo la kuno la 1998 lothana ndi nkhanza za m'banja limapereka kwa aliyense, osafunsa kuti unabadwira kuti. Tisanabwerere kukhoti pa tsiku lachiwiri, akuluakulu anamuitanitsa. Ndinalipo. Anamukhazika pansi, mwamuna wake ali pampando, n'kumuuza kuti banja ndi kupirira, kuti za m'nyumba sizitulutsidwa kubwalo, kuti akutichititsa manyazi pamaso pa eni dziko amene amatida kale, ndiponso kuti mwamunayo akamangidwa n'kudipotedwa ana adzadya chiyani. Mayiyo anagwada, n'kupepesa. Iye, wa diso lotupa, ndiye anapepesa. Kukhoti sanapitenso.

Akuluakulu inu, kupirira kumene mukuphunzitsaku kumudzi kunali ndi mpanda wake. Kwathu kuchikamwini mwamuna amakhala pamudzi pa mkazi, munda ndi wa mkazi, alongo ake ali khomo loyandikana, ankhoswe ali pomwepo. Mkamwini akakweza dzanja kawiri katatu amapeza katundu wake ali panja. Mkazi ankapirira akudziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu. Kuno tinanyamula kupirira kokha, mpanda tinausiya ku Ntcheu. Mayi ali m'kachipinda kamodzi ku Turffontein, lendi amalipira mwamuna, pasipoti ili m'thumba la mwamuna, mlongo wake ali mtunda wa masiku awiri pa basi. Mukamuuza kuti apirire mwamusiya yekha ndi chilombo. Mpanda umene watsala kuno ndi khoti lomwe mukumuletsalo. Ndipo manyazi amene mukuopawo, bwanji sagwera womenyayo?

Manyazi omwewa amatsekanso pakamwa pa mayi amene wagwiriridwa. Ife ziwalo zobisika sitizitchula, makamaka pamaso pa amuna ndi akulu. Mtsikana amati "anandichita chipongwe", kapena "anandilakwira", n'kuthera pomwepo, ndipo mayi aliyense wa kwathu wamva zonse. Womasulira wosadziwa akatembenuza mawu amenewo monga alili, papepala pamalembedwa ngati munthu anangotukwanidwa. Khoti limafuna kuti atchule chiwalo ndi dzina lake, anene chinalowa pati, pamaso pa anthu, wochita chipongweyo ali pomwepo. Ambiri amatenga milungu asanauze ngakhale mnzawo. Mwayi wake, lamulo la kuno la 2007 la milandu yogwiririra, pa gawo 59, limaletsa khoti kukayikira wodandaula chifukwa chongoti anachedwa kunena, ndipo m'zipatala zina za boma muli malo otchedwa Thuthuzela kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Koma mwa amayi amene ndimasonkhana nawo Lamlungu, amene anamvapo zimenezi ndi owerengeka pa zala.

Za ntchito ndingodutsapo msanga, poti mukuzidziwa. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha oti akadandaule ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, ndipo khoti la za ntchito linagamula kale mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene pemiti yake yatha amatetezedwa ndi malamulo a ntchito. Koma mayi wa kwathu amatha masiku 30 amenewo akulimbana ndi mtima wake. Madamu anandipatsa zovala za ana, anandithandiza pa maliro a bambo anga, ndikawasumira ndioneka wosayamika. Kuyamika n'kwabwino, ndipo ndi kumene kumatisiyanitsa ndi nyama. Koma zovala zakale si malipiro a zaka zisanu ndi ziwiri. Akamadzalimba mtima masiku apita, n'kuyamba kupempha kuti amukhululukire kuchedwa, pempho limene likhoza kukanidwa.

Kenako pali maliro. Pa 31 August 2023 moto unapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, n'kupha anthu 76, ndipo pakati pawo panali abale athu ambiri. Masiku amenewo foni yanga sinazime. Kwa ife munthu sanafe bwinobwino mpaka abale ataona nkhope, atagona pasiwa, atathira dothi kumanda a makolo. Abale athu achisilamu mwambo wawo ndi kuika msanga, dzuwa lisanalowe kawiri. Lamulo linkafuna zina: kuyeza DNA poti matupi ena sankazindikirika, mapepala a womwalira, mapepala a wodzatenga thupi. Sindikutsutsa, thupi silingaperekedwe mwachisawawa. Koma ndinaona anthu akuzungulira chapatali, chisoni chikuwakokera kumochale, mantha a ku Lindela, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawadipote, akuwakokera kumbuyo. Mayi wina kumudzi ankandiimbira tsiku lililonse kufunsa ngati ayambe kulira kapena adikire. Ndinalibe chomuyankha. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi a Sisi Khampepe linapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda anali ndi mlandu posatsata malamulo awo omwe pa nyumba imeneyo. Kuti choonadi chotere chituluke panafunika opulumuka olimba mtima oti aime n'kulankhula, chinthu chimene ife tinaleredwa kuti tisamachite kwa eni.

Tsono, Olemekezeka a Kazembe ndi mabwana a ku ofesi yathu, chimene ndikupempha chachikulu ndi omasulira. Amalawi odziwa Chingerezi bwino kuno ndi ambiri, aphunzitsi, anamwino, ana athu a m'mayunivesite a Wits ndi UJ, ena akulondera mageti usiku ndi madipuloma m'chikwama. Asonkhanitseni, a Chichewa, a Chiyao, a Chitumbuka, amuna ndi amayi, chifukwa mtsikana wogwiriridwa sangamasuke pakamwa pa bambo. Kambiranani ndi unduna wa zachilungamo wa dziko lino kuti aphunzitsidwe ntchitoyi ndi kuti makhoti a ku Gauteng adziwe kowapeza. Ziyankhulo za boma kuno ndi 12 ndipo chathu palibepo, ndiye tikapanda kudzikonzera tokha palibe adzatikumbukire. Ndipo pophunzitsapo pasakhale mawu okha. Womasulira adziwe kupempha chilolezo kwa woweruza kuti afotokoze kuti pepani uyu si wovomera, kuti "eya" uyu ndi wa ulemu chabe, kuti mboni ikuti chipongwe koma ikutanthauza chachikulu. Maloya a Legal Aid South Africa, amene amaimira anthu athu ambiri kwaulere, nawonso angapindule ndi kapepala ka masamba awiri kofotokoza zinthu zimenezi, kuti wolapa wa kwathu asamaoneke ngati mwala, ndipo wachibale wamkulu aziitanidwa kudzalankhula pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe.

Anthu athunso auzidwe, m'chiyankhulo chawo ndi m'njira imene amamvera. Zikalata zopachika pakhoma la ofesi sizifika ku Diepsloot. Chimene chimafika ndi uthenga wa mawu pa WhatsApp, umene umayenda kuchoka ku Cosmo City kufika ku Mayfair tiyi asanazizire. Mawu a Kazembe weniweni, mphindi ziwiri, akunena kuti ana anga, mukamangidwa musanene "sorry" pa chinthu chimene simunachite, muli ndi ufulu wokhala chete mpaka loya abwere, nenani kuti mukufuna womasulira ndipo mutchule chiyankhulo chake, mukapanda kumvetsa nenani kuti sindinamvetse, kuyang'ana woweruza m'maso kuno si mwano. Mawu amenewa akachoka kwa ine ndi maganizo a mayi wosoka makatani. Akachoka kwa inu ndi chilolezo, ndipo munthu woleredwa m'kumvera amafuna wamkulu womuloleza kuti alankhule. Muwauzenso kuti pangano la ku Vienna la 1963, pa gawo 36, limapatsa mlendo womangidwa ufulu woti ofesi ya dziko lake idziwitsidwe akapempha. Ambiri sadziwa, ndipo ena amene amadziwa amaopa kuti akuvutitsani. Atsimikizireni kuti kuvutitsidwa kotero ndiyo ntchito imene munabwerera, ndipo pakhale nambala imene imayankhidwa ngakhale Loweruka usiku, poti ndi nthawi imene anthu amamangidwa.

Kwa inu a mipingo ndi mizikiti, pempho langa ndi laling'ono koma lolemera. Milandu ya ngongole, ya kutukwanizana, ya chipereganyu chimene wina wathawa nacho, weruzani monga mwa kale, ndipo mumaitha bwino kuposa khoti lililonse. Koma pakakhala magazi, pakakhala mwana kapena mayi wogwiriridwa, musamukhazikenso pansi wovulalayo kuti apepese. Sankhani amayi awiri achikulire mumpingo uliwonse oti aziperekeza anzawo kupolisi ndi kukhoti, kuti pabenchi yakumbuyo ija pasamakhale ine ndekha. Mayi akatembenuka m'bokosi la mboni n'kuona nkhope ya kwawo itavala chitenje, mawu amatuluka. Ndaziona ndi maso angawa.

M'chikwama changa ndimayenda ndi kope la ana asukulu, mmene ndakhala ndikulemba mawu athu amene ndawamva akupotoka pakamwa pa omasulira: pepani, ndamva, chipongwe, kulakwira, kupsa mtima, kugwira mwendo, ndi ena okwana masamba asanu ndi limodzi. Gulu lathu limakumana Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikaweruka ku mapemphero, m'galaja ina ku Rosettenville. Mipando ndi ya pulasitiki, koma wa mlendo timaupukuta. Mukatuma munthu, kopelo ndidzamupatsa, ndipo mnyamata wa ku Mangochi uja, amene tsopano akutsuka magalimoto ku Booysens, wavomera kudzafotokoza yekha nkhani yake, bola wina wamkulu ayambe wamuuza kuti akhoza kulankhula.

Ine mwana wanu,
Mlembi wa gulu lina la maliro la Amalawi, Rosettenville, Johannesburg